Goli la Ng'ombe Pakhosi pa Bulu

Panali munthu wina dzina lake Boyd, wa m'mudzi wina kuseri kwa Mtenguleni. Amene wanditumizira nkhaniyi akuti anaona ndi maso ake, ndiye muwerenge mpaka pansi.

Ng'ombe ziwiri za Boyd zinafa ndi matenda a nkhupakupa, monga zinafera za anthu ambiri m'mudzimo. Mkazi wake Esnat anali ndi pakati poyamba, ndipo kumeneko mvula ikayamba galimoto sifika. Choncho Vailet, mkulu wake wa Esnat, amene amatuta njerwa ndi abulu m'tauni, ku komboni ya Nabvutika, anawabweretsera abulu awiri.

"Alamu, abuluwa ndi oti adzathamangitse mng'ono wangayu kuchipatala tsiku lake likakwana," anatero Vailet. "Koma chonde musawamange goli la ng'ombe lija. Ng'ombe ili ndi linunda, goli limatsamira pamenepo. Bulu alibe, amakoka ndi chifuwa. Nawa malamba, ndawakuta ndi bulangete lakale. Azidutsa pachifuwa, kunsi kwa kholingo, ndipo zala ziwiri zizitha kulowa."

Boyd anaseka. "Alamu, ine ndakulira pangolo. Mundiphunzitse kumanga chiweto inu a m'tauni?"

Malamba aja anangowaponya m'nkhokwe. Abulu anawamanga goli n'kumatuta manyowa ndi nkhuni tsiku ndi tsiku. Sabata isanathe ubweya wapakhosi unasosoka. Kenako zilonda, kenako ntchentche. Esnat mtima sunalinso m'malo.

"A Boyd, bulu wamkaziyu sakudya. Ine ndikuopa. Tsiku langa likafika adzayenda ameneyu?"

"Bulu safa ndi chilonda," anayankha Boyd, n'kupakapo oyilo wakuda wa injini. Koma abale inu, anthu ena makani!

Tsiku linakwana Lachiwiri m'mawa, mvula itagwa masiku atatu. Matenda anayamba molakwika, magazi akutuluka. Mayi Ketilina, oyandikana nawo nyumba, atamuona Esnat anafuula, "Apa si pochedwa ayi, mangani ngolo!"

Apa m'pamene Boyd anakumbuka malamba. Anathamangira kunkhokwe, koma anapeza makoswe anawadya kalekale, angotsala zidutswa. Anamanganso goli lomwe lija pamwamba pa zilonda.

Atawoloka dambo, poyamba kukwera chitunda, bulu wamkazi anagwada m'matope. Goli linaterereka, chingwe n'kumukanyanga pakholingo. Boyd anamukwapula, anamukoka mchira, anamuchonderera, koma bulu osadzuka. Anaimbira foni wa njinga yamoto, uyo anati matope amenewo iye salowako. Ng'ombe zoti n'kubwereka panalibe.

"A Boyd, ine ndikufa," anatero Esnat m'ngolo muja, mawu akumveka pang'ono.

Boyd anamasula bulu wogwayo, n'kulowetsa khosi lake m'goli pambali pa bulu wotsala. Anakoka. Mtengo uja unkamupala pakhosi, chingwe chikumutsamwitsa, iye akuterereka n'kudzukanso, Mayi Ketilina akukankha kumbuyo uku akupemphera mokweza. Nthawi zonse Esnat akakhala chete, Boyd ankafuula, "Adakapuma?"

Anafika pachipatala dzuwa lili paliwombo. Anamwino anati akanachedwa pang'ono, onse awiri, mayi ndi mwana, akanapita. Mwana wamkazi anabadwa wamoyo, koma bulu uja anafera m'matope momwe muja.

M'mawa mwake Vailet anafika n'kupeza mlamu wake atakhala pakhonde la chipatala, khosi lili ndi bandeji, akulephera n'kucheuka komwe. Vailet anamuyang'ana n'kunena kuti:

"Inu mwavala ola limodzi lokha, alamu, khosi lasupuka chonchi. Bulu wanga wavala miyezi iwiri, ndipo analibe pakamwa poti n'kukuuzani."

Boyd misozi inangotsika.

Phunziro: Bulu si ng'ombe, thupi lake ndi lina, ndipo chomangira chake chizimukwana bwino osamupweteka. Wina akakulangiza pa chinthu chimene amachigwira tsiku lililonse, mvera, ngakhale ukhale unakulira pangolo. Chiweto chimene ukuchizunza lero n'chimene udzachidalire tsiku la mavuto. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa aliyense amene ali ndi abulu asanamange ngolo mawa.