Diresi la Malemu Pachionetsero

Mlonda wa m'nyumba yoonetsera zaluso anaona dzanja la bambo wina wachikulire likulunjika pansalu yaikulu ya pakhoma, yosokedwa ndi zigamba za zovala zakale.

"Pepani bambo, muno timaona ndi maso okha," anatero mlondayo.

Bamboyo anabweza dzanja ngati wagwira moto. Kenako analoza kachigamba kobiriwira ka madontho oyera.

"Ili linali diresi la malemu akazi anga. Wasoka zonsezi ndi mwana wanga, uyo akucheza ndi alendoyo. Atandipempha zovala za mayi ake, ine ndimati akufuna azivala." Anaseka pang'ono, misozi ili lengelenge. "Apa popsapa ndinawotcha ndine ndi simbi. Malemuwo anandinyanyalira sabata yathunthu."

Mlondayo anayang'ana abwana ake amene anaima pakhomo. Ntchitoyi anali atangoiyamba mwezi watha, ataisaka zaka ziwiri. Komabe anasendera pang'onopang'ono mpaka thupi lake litatchinga bamboyo.

"Fulumirani, bambo," ananong'ona.

Bamboyo anatsamiza chikhatho chonse pakachigambako n'kutsinzina, ndipo sanafulumire.