Madzi Ofewetsera Bango

Tsiku lomaliza limene Boyd anaona atate ake ali moyo, Ba Shadreck anali pakhonde ku Nangongwe, akuviika kabango ka pakamwa pa chitoliro chawo cha kalaneti m'kabotolo kobiriwira.

"Iwe wa koleji yosasiliza, mvela," anatero. "Mphamvu ya bango si kunenepa iyayi. Ni kulimba kwa mukati, mwamene inakulila. Yolimba ifuna milomo ya mwamuna, na manzi aya."

"Manzi a bwanji, atate?"

"Opemphelela."

Pamaliro, amayi ake anamupempha kuti alize nyimbo imene malemuwo ankaliza kutchalitchi. Boyd anauzira, koma bango linali louma gwa, ndipo kalaneti inalira ngati bakha wopondedwa. Azimayi amene ankalira anayamba aleka n'kuyang'anana.

Thukuta lili kamukamu, anatulutsa kabotolo kaja m'chikwama cha kalaneti, n'kuviikamo bango, n'kuliika pakamwa. Lilime linayaka moto. Anali kachasu.

Anauziranso. Nyimbo inatuluka yosalala, mawu enieni a atate ake, mpaka iye mwini misozi inatsika.

"Kudzoza kwa Ba Shadreck kwagwela mwana!" anafuula mayi wina.

Abusa anabwera n'kumukoleka dzanja paphewa. "Abale, uyu munthu tiika lelo anagonjetsa Satana. Mwana wanga, uza anthu tsiku yamene atate ako anasiya mowa."

Boyd anatembenuzira pakamwa kutali ndi mphuno ya abusa.

"Pa 6 Malichi, 2011."