Waya ndi Mkamwini Wanga

Galimoto yachipatala ya waya imabwera kamodzi pachaka, tikakolola, ndipo imalandira munthu mmodzi pabanja. Amaboola pantchafu n'kulowetsa kawaya mumtsempha kuti kakapale mafuta otseka njira ya magazi. Ine ndimawauza ana kuti chinthu choyenda m'thupi ngati nyongolotsi si choseweretsa, koma amandimvera ndani?

Chaka chino odwala tilipo awiri. Ine mwendo wazizira, zala zayamba kuda. Mkamwini wanga, bambo a Tadala, chifuwa chimawathina akangokweza khasu. Makina a m'galimotomo amatiwerenga banja limodzi poti timadya za m'nkhokwe imodzi.

Nanga munthu n'kukambirana ndi mkamwini maso ndi maso? Ndinakhala kuseri kwa mpanda, iwo mbali inayo, mwana wanga Esinala pakati.

"Uwauze amayi apite ndiwo," anatero mkamwini.

"Uwauze asandipusitse. Dzulo ndawaona atatsamira mtengo wa mango, thukuta lili kamukamu."

"Amayi, zala zanuzo adzazidula," anatero Esinala.

"Zala za kumwendo sizilima. Kapena ukufuna kumeta umasiye chaka chino?"

Ine ndinapitiriza:

"Uwauzenso kuti asakayang'ane pagalasi loonetsa za m'thupi pamene waya akuyenda. Ndipo mafuta akawatulutsawo abwere nawo, tidzakwirire tokha kudzala. Za m'thupi sasiyira alendo."

Mkamwini anyamuka lero mamawa panjinga kupita kugalimotoko. Ine ndauza Esinala andidulire ndodo, osati yofooka ayi, yolimba, yoti ikafike kukolola kwinako.