Ndodo ya Kawilo

Ndodo itangotuluka m'thumba, asodzi a pa damu la esiteti ina ya kuseri kwa Namitete anaiwala mbedza zawo. Inali yachizungu, yonyezimira, ya kawilo kopotera chingwe. Vincent anaigula ku Lilongwe, ndipo anaipereka kwa bambo ake, a Jameson, ndi manja awiri, atanjuta.

Vincent anachoka pakhomo kalekale atakangana ndi bambo akewo. Anakana kukhala tenanti wa fodya ngati iwo, nawalankhula mawu oti mwana sauza kholo. Tsopano anabwera kudzapepesa, koma pepani wapakamwa ankamukanika. Ndodoyo ndiyo inali pepani wake. Akaikana, ndiye kuti akana iye.

Chifikireni m'mawa, bambo ake anali asanamuyang'ane kumaso. Atalowa pabwalo anangomusiya chiimire mpaka iye atayamba kupereka moni. Ngakhale ndodoyo sanaiyang'ane. Anangoisisita ndi zala kuyambira pogwirira mpaka kunsonga, n'kunena kuti ndi yopepuka ngati phesi.

Asodzi, inu, sasowa chonena. A Levison anati kawiloko n'kachabe, kakangolowa mchenga basi kwatha, bola nsungwi yowamba pamoto. Fumbani anati a Levison yawavuta ndi nsanje, nkhani yagona pa mbedza: za kwa Mtendere ku Msundwe zimawongoka mlamba ukangopukusa mutu, zenizeni n'za kwa mayi Maureen pa Namitete. A Levison anaseka mpaka misozi, ati mayi amenewo amagulitsa chingwe chofumbwa ndi dzuwa la pawindo, choduka ndi nkhanu yomwe. Mkanganowu unali wa tsiku ndi tsiku, ndipo kale wouthetsa ankakhala a Jameson, katswiri wa damu lonse. Lero anangoti duu.

Onse ankadziwa chifukwa chake. A Petro, mnzawo amene anakwera naye lole imodzi kuchokera ku Phalombe kudzalima fodya, anali atamwalira mwezi wathawo. Awiriwo sankasiyana. Popita kudamu a Petro patsogolo, a Jameson pambuyo, akafika n'kukhala pa mwala umodzi. A Petro anali ndi chifuwa cha fumbi la m'zigafa za fodya, ndipo anthu ankawanena kuti kutsokomola kwawoko kumathamangitsa nsomba. Koma ayi ndithu, makumba ankangobwera kwa a Jameson. Chiikireni malirowo, katswiri uja anali asanavuule ngakhale katemba.

Vincent anamangirira pachingwe kachidutswa ka patapata wofiira, poti kuno chouza msodzi kuti nsomba yadya nyambo ndi chimenecho: kakamira, koka. A Jameson anatunga nyongolotsi mwaluso, osayang'ana n'komwe, naponya. Kawilo kanalira, mbedza inakagwa kutali, pakati pa damu. Mtima wa Vincent unakhalako pansi.

Posakhalitsa kapatapata kananjenjemera, kenaka kanamira. A Jameson anangokhala. Kanayandamanso. Pamene amakoka, mbedza inabwera yopanda nyambo. Iwo anati ndodoyi njosamva, naponyanso. Zinachitikanso chimodzimodzi, n'kuchitikanso. A Levison anagunda Fumbani ndi chigongono, ati waona katundu wa m'tauni? Fumbani ananong'ona, kunong'ona kwake komveka tsidya lina, kuti ndodo ilibe mlandu, mdalayu akungofuna kumukhaulitsa mwana.

Vincent anamva, ndipo zinamuwawa zedi chifukwa naye ankaona chomwecho. Kapatapata kofiira, dzuwa lili pamutu, kangamire bwanji munthu woti wakulira pa mbedza osakaona? Ndiye kuti ankachitira dala. Ankafuna anthu aone kuti chilichonse chochokera kwa mwana wosamva uja n'chachabe. Manyazi anamugwira, kenaka chisoni. Nyumba imene bambo ake ankagonamo inali ya esiteti, ndipo munthu amakhalamo pokhapokha ngati akutha kulima ndi kusankha fodya. Mayi ake anamwalira kale. Iye anabwera ndi mtima woti akhale, awathandize nyengo ino. Nanga munthu wosakufuna ungamuthandize bwanji?

Kapatapata kanamiranso, n'kuyandamanso. A Jameson sanakoke, nkhope italoza kumadzi. Vincent anadzuka nasasa fumbi pa thalauza.

"Bambo, ngati simukuifuna ndodoyi, ingondiuzani. Ndinalakwa, ndikudziwa. Koma musandichititse manyazi pa anthu. Ndikwera minibasi ya madzulo ano."

A Jameson anatambasula dzanja, nafufuza mpaka anagwira mwendo wa thalauza lija. Anamukokera pansi, pa mwala, mbali imene ankakhala a Petro. Analankhula motsitsa mawu kuti enawo asamve.

"Khala apa, mwana wanga, ndipo usauze munthu, akapitawo a esiteti angamve. Kakamira uzitsokomola, monga ankachitira a Petro. Maso angawa anachita ng'ala kalekale, wodziwa anali iwo okha. Chifikireni ndikuifunafuna nkhope yako, koma sindikuiona."