Telala Amene Anakana Kukwawa

Panali munthu wina, telala wa madiresi a ukwati, amene msana unamuvuta zaka zisanu ndi chimodzi. Kuchipatala anamuuza kuti mafupa ali bwino, vuto ndi kuwerama pa makina tsiku lonse. Anamulangiza kuti m'mawa uliwonse azigona chagada n'kukokera maondo pachifuwa, kenako azigwada ngati mwana wokwawa n'kumapinda msana pang'onopang'ono. Madzulo azithowa ndi thaulo lofunda.

Kuthowako ankalola. Zinazo ayi.

"Bambo, zija anakuuzani adokotala muyamba liti?" anafunsa mkazi wake.

"Ine ndizikwawa pabalaza ndi imvi zangazi? Atalowa mlendo anena chiyani?"

"Anena kuti muli ndi msana. Nanga iye alibe?"

Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi womaliza anapeza banja. Telala analumbira kuti diresi asoka yekha. "Ndaveka ana a eni ake zaka makumi atatu. Wangayu avala za manja anga."

Kutatsala milungu isanu kuti ukwati uchitike, nsalu atadula kale, msana unalimba ngati thabwa. Tsiku lina kushopu kunabwera bambo wachilendo kudzasoketsa zipi ya buluku. Anaona telala akudzuka chogwirira tebulo.

"Madala, zochepa zimenezo. Fupa langochoka m'malo. Gonani chafufumimba ndikupondeni kamodzi. Ndawongola ambiri ine."

Telala anatseka chitseko n'kukagona kuseri kwa katani, kumene makasitomala amayesera zovala. Mlendo anavula nsapato n'kukwera ndi miyendo yonse iwiri. Panamveka kuti thwa!

"Mwamva? Labwerera. Mugone kaye pang'ono."

Anatenga buluku lake n'kumapita. Telala atati adzuke, msana unakana. Mkazi wake anamupeza pomwepo masana, tsaya lili pa simenti, ulusi uli m'ndevu.

"Kugwada m'nyumba mwanu munati n'kudzichotsa ulemu," anatero mayiwo akumukoka mkono. "Ulemu ndiye uwu, wopondedwa ndi munthu wosamudziwa n'dzina lomwe?"

Adokotala anati minofu yavulala kwambiri, asakhudze makina mwezi wathunthu. Nsalu ija anaipititsa kwa telala wa kutsidya kwa msewu, yemwe iye ankamunena kuti amasoka ngati akuthamangitsidwa. Tsiku limenelo sanadye. Anangoyang'ana kukhoma.

Mawa lake anaitana mkazi wake. "Mayi, diresi landiphonya. Koma mwana wanga sindimuperekeza ndili pa mpando. Adokotala akangolola, mundiyalire bulangete pabalaza."

Atalola, anayamba. M'mawa uliwonse ankagwada, thukuta lili kamukamu, mkazi wake akuwerenga mpaka khumi. Akafika pa chisanu ndi chitatu telala n'kunamizira kuti wamaliza, mayiwo ankayambiranso pa chimodzi.

Tsiku la ukwati analowa ndi mwana wake ataimirira njo, wopanda ndodo. Anthu anayamikira diresi. Iye yekha ndiye anaona kuti dzanja lakumanzere la diresilo likukoka paphewa. Anagwira mwana wake mkono womwewo, n'kupitiriza kuyenda.

Phunziro: Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Msana wa zaka suchira ndi kupondedwa kamodzi, umafuna khama la tsiku ndi tsiku, ndipo manyazi sachiza. Ngati muli ndi mkazi wokulongololani za thanzi lanu, mumvereni adakalipo, chifukwa nyumba ikadzakhala zii mudzawafuna mawu amenewo. Tumizirani uthengawu aliyense amene amadzuka chogwirira tebulo.