Manja Anakwera Msanga

Verlene Tubbs anafika pa bwalo la sekondale atavalabe yunifolomu ya ku nyumba yosamalira okalamba, mapazi atatupa. Anakhala pa benchi ya pamwamba, kutali ndi makolo a zikwangwani ndi mabelu a ng'ombe. Phokoso sankalifuna. Anabwera kudzaona chinthu chimodzi: ngati mwana wake Ondrell atuluke m'fakitale ya nkhuku, kapena akalambire momwemo ngati malemu bambo ake.

Mabenchi atatu pansi pake panali bambo wa chipewa chobiriwira, kope lili pa ntchafu. Anachokera ku mpira wa makoleji, ndipo Loweruka limenelo anabwerera Ondrell. Kalata yake inanena mosabisa kuti abwera kamodzi basi.

M'mawa Verlene anasita malaya a mwana wake mpaka kolala inaima yokha. Kenako, osamuuza, anatsuka majombo ake a ku fakitale n'kuwaimika kuseri kwa chitseko. Zaka zinamuphunzitsa kuti Loweruka limalonjeza, koma limene limabweradi ndi Lolemba.

Malamulo a mpira wa ku America wonyamula m'manjawu ankawadziwa kuposa abambo onse okuwa pa mabenchipo. Anawaphunzira kukhitchini. Ondrell amakhala pa tebulo, ayezi ali pa bondo lake lovulala lija, mayi ake akusenda mbatata, buku lili pambali, n'kumamufunsa mafunso. Wosewera akawakha mpira wa adani kuseri kwa mzere wa kwawo, akhoza kugwada pomwepo, mpira ndi wa timu yake. Akasankha kuthamanga nawo, augwire mpaka udutse mzere wa kutsidya. Ukamupulumuka usanadutse, n'kugubuduka kukatulukira kumapeto kwa bwalo, palibe chigoli, ndipo mpira ubwerera kwa adani.

"Chigoli si munthu, amayi," ankatero Ondrell. "Chigoli ndi mpira."

"Uziuza mutu wakowo. Ine ndamva kale."

Masana onse zinayenda bwino. Ondrell sanalakwe kanthu, ndipo wa chipewa uja ankalemba, kugwedeza mutu, kulembanso. Verlene sanalole mtima kukwera. Ankangoyang'ana bondo. Chigawo chomaliza chitayamba, anaona kuti mwendowo wayamba kukoka.

Kunatsala mphindi ziwiri, eni bwalo atatsalira ndi mapointi anayi. Alendo anali pakhomo penipeni pa chigoli china. Akanangothamanga ndi mpira n'kudya nthawi, koma dyera linawagwira, anauponya. Unagwera m'manja mwa eni bwalo, kuseri kwa mzere.

"Gwada," Verlene ananong'ona. "Gwada pomwepo."

Palibe anagwada. Bwalo lonse linatembenuka ngati mbuzi zothawa mvula, ndipo Ondrell analiyatsa liwiro m'mphepete mwa mzere wa m'mbali. Mayadi makumi awiri. Makumi asanu. Anthu anaimirira, mabelu anasokosa, mabenchi ananjenjemera. Verlene yekha anakhalabe pansi, chikwama atachifinya pamimba. Iye ankaona zimene enawo sankaona: mwendo wakumanzere ukutsalira, mutu wa mwana wake utawerama ndi ululu, maso atachoka pa mpira.

Pa mzere womaliza, Ondrell anakweza manja onse awiri kumwamba.

Mpira unali utagwa kale, phazi limodzi mzere usanakwane. Unadumpha kawiri pa udzu, unagubuduka mwaulesi, n'kukatulukira kumapeto kwa bwalo.

Oimba malipenga anali atayamba kale nyimbo ya chipambano. Woyimbira wamkulu, wa chipewa choyera, anafika akupukusa mutu. Analankhula ndi Ondrell mawu ochepa, Ondrell anazyolika. Palibe chigoli. Mpira wa alendo. Malipenga anafa limodzilimodzi.

"Kuvina ng'oma isanalire," anatero bambo wina wonenepa pafupi naye, akutaya chikwangwani pansi. "Inu mayi, mwaona zimenezo? Mwana wopanda mutu ngati ameneyu amabereka ndani?"

"Amabereka munthu wotopa, achimwene. Sunthani, mwandiponda chikwama."

Alendo anagwada ndi mpira katatu kuti adye nthawi, mpaka inatha. Wa chipewa chobiriwira sanadikire n'komwe. Anakhwatcha mzere umodzi m'kope, analitseka, anaika cholembera m'thumba la malaya n'kutsika masitepe osacheuka. Verlene anamutsatira ndi maso mpaka galimoto yake inatuluka pa geti. Sanalire. Kulira kumafuna mphamvu, ndipo iye Lamulungu m'mawa anali ndi okalamba khumi ndi anayi oti asambitse.

Anadikira kuti anthu achepe, kenako anatsika pang'onopang'ono atagwira chitsulo. Pafupi ndi geti, mnyamata wa nambala 24, amene mpira unamupulumuka uja, anakhala pa udzu, chisoti chili pakati pa miyendo, akulira ngati wamasiye. Anzake ankamusisita msana. Mphunzitsi wawo ankamuuza kuti chaka chamawa chilipo, akadali wamng'ono.

Verlene anamulambalala mnyamatayo. Wake analibe chaka chamawa. Anali ataima yekha kuseri kwa mpanda, bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wezulo ikulendewera pa malaya a woyimbira a mizere yakuda ndi yoyera amene iye anasita m'mawa.

"Ndinaona miyendo yake ikudutsa mzere, amayi, n'kukweza manja kuti chigoli. Mpirawo sindinauone."

"Majombo ako ndatsuka," anatero Verlene. "Tiye."