Theka la Nkhope

“Sisitala, ndipatseni galasi,” anatero Bambo Latheef, mawu akutuluka mokokeka.

Enifa, namwino pa chipatala china cha ku Birmingham, anaima ndi thileyi ya mankhwala m'manja. Mwana wamkazi wa bambowa, yemwe ankaphunzira pa yunivesite mu Birmingham momwemo, anali atamuchonderera kuti asayerekeze kuwapatsa galasi. Kwawo ku Maldives nkhope imeneyi inali pa makaseti a kanema m'nyumba zambiri, ndipo filimu yomwe ankaitsogolera ndi kuseweramo inali itaima pakati, ikudikira kuti abwerere. Tsopano sitiroko inali itagwetsa mbali ya kumanzere ya nkhopeyo, pakamwa patapendekeka.

“Dikirani kaye mwana wanu abwere, bambo.”

“Aliyense wolowa muno akumayang'ana khoma. Ine ndine wa zisudzo, munthu wonamizira ndimamudziwa.”

Enifa anaika thileyi pansi, napisa m'thumba la yunifomu. Anawapatsa kagalasi kake.

Bambowo anadziyang'ana kwa nthawi yaitali. Anayesa kumwetulira, koma lomwe linamvera ndi theka lokha la nkhope. Anapotoza mutu monga ankachitira pa kamera, nayesanso. Msozi unatsika pa tsaya lakufalo, iwo osaumva.

“Kokani katani,” anatero motsitsa mawu. “Mwana wanga akabwera, musamuuze kuti ndadziona. Mumuuze kuti ndagona.”